Kachitsulo ka Pakhosi pa Ampofo

1

Mwana wanga Ampofo amabwera masana. Ena akufa awo amawayendera kutulo, wanga ayi. Amadikira dzuwa lifike pamutu, nkhuku zitabisala pansi pa mitengo ya koko, ine ndili pakhonde kusenda chinangwa. Ndimamva akukonza pakhosi kawiri kumbuyo kwanga, monga ankachitira akafuna kufunsa kanthu, kenako zii. Funsolo salifunsa. Ine ndimalidziwa.

Ndine Fosuaa wa ku Juaso. Sukulu ndinkangoidutsa panja popita kumunda, ndiye akulemba izi ndi wina, koma pakamwa ndi panga. Mu Juaso muno mulibe mkangano wa pabanja umene unapsa popanda ine kusonkhezera. Ukwati wa mng'ono wanga ndinauthetsa ndi mawu asanu okha, ndipo ndinadya bwino tsiku limenelo. Ndikunena izi kuti musafulumire kundimvera chisoni.

Ndinabereka asanu, anakula mmodzi. Ampofo anaphunzira mpaka kutchedwa dokotala, koma dokotala wa masamba, wosabaya munthu jekeseni. Ankagwira ntchito pa malo a boma ofufuza za mitengo ku Kumasi. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi anali kuzungulira midzi ndi kachikwama, kufunsa nkhalamba za mankhwala, kenako n'kukaphika masambawo m'timabotolo. Ine ndinkati akusewera ndi ndalama za boma.

Mkazi anamutola komweko kuntchito. Dzifa, wa ku Ho, kwa anthu a mtundu wina kutsidya kwa mtsinje waukulu. Atsikana onse a kwathu kuno, iye n'kuwoloka mtsinje kukatenga munthu amene fufu wake, nsima yathu ya chinangwa chosinja, amatuluka ndi zibuma. Anali waulemu, ndivomere, koma ulemu wozizira, wa munthu amene wakuyeza kale n'kukupeza wopepuka.

Pakhosi pa Ampofo pankalendewera chingwe chakuda, ndipo pachingwepo panali kachitsulo kochepa ngati chala cha mwana. Ngakhale posamba ankakapachika pamsomali pomwe maso ake akufika. Tsiku lina ali kudya kwathu ndinakakoka.

"Ichi n'chithumwa cha mkazi wakoyu?"

"Ndi kiyi, Amayi."

"Kiyi wopanda mano?"

"Ntchito yathu yonse sitisunga pano. Boma limalipira lendi kwa kampani ina ya kunja, ili ndi nyumba yodzaza makina. Amati kusunga mumtambo. Kuti munthu alowe kumeneko, ayenera kubaya aka pakompyuta."

"Ukakataya?"

"Ndinapempha tiwiri. A komiti yogulira boma zinthu anati kachiwiri n'kuwononga chuma."

Dzifa anaseka. Ampofo naye anaseka. Anasekera limodzi chinthu chimene ine sindinachimve, m'nyumba mwanga, pa mbale yanga. Ndinawasungira.

2

Ampofo anagwa Lachiwiri, kuntchito, ali chiimire. Akuti magazi anathamangira kumutu. Pamene ine ndi achimwene anga a Oteng tinkatsika minibasi ku Kumasi, n'kuti atamufunditsa kale nsalu mpaka kumaso.

Kwathu munthu akafa amabwerera kwa abale a mayi ake. Mkazi amakhala ndi mwamuna wamoyo, mtembo ndi wathu. Namwino ankadziwa zimenezi, ndiye jumbo ya zinthu zake anaipereka m'manja mwanga. Ndinakhala nayo pabenchi ndekha, n'kuitsegula. Wotchi, magalasi, chikwama cha m'thumba, ndi chingwe chakuda chija. Chinali chisanazizire. Chinkanunkha thukuta lake.

Dzifa anatulukira kukhonde maso ali gwa, opanda msozi. Anagwada pang'ono pamaso panga.

"Amayi, pepani. Kachitsulo kaja kali m'jumbomo?"

Mwana wanga asanalowe n'komwe mufiriji. Sanafunse ngati ndamwa madzi. Sanadzigwetse pansi monga amachitira mkazi amene wafedwa. Kachitsulo.

"Ona wekha," ndinatero, n'kumuponyera jumbo pamiyendo.

Anaipindula, n'kuikutumula, n'kuyang'ananso pansi pa benchi. Kachitsuloko kanali kale pamfundo ya nsalu yanga, pomwe ndimamanga ndalama za kumsika.

Ndikulumbira kuti tsiku limenelo ndinalibe chiwembu. Ndinkangofuna kuti alire kaye. Ndinati maliro akatha abwere ngati mpongozi, atavula nsapato, andipemphe bwinobwino, ndimusiye pakhonde mpaka miyendo ichite dzanzi, ndiye ndimupatse. Basi.

3

Patsiku lachisanu ndi chitatu, banja litasonkhana kuti ligwirizane za tsiku loika maliro, panafika galimoto ya boma. Munatsika bambo wamfupi wa thukuta, wonyamula chikwama cha mapepala, dzina lake Quaye, wa ku ofesi yogulira boma zinthu ku Accra. Anapereka moni wa chipepeso kuyambira kudzanja lamanja, monga mwa mwambo, ndiye ndinati mwina ali ndi nzeru. Atangokhala pansi anayamba.

Anafotokoza katatu ndisanamve. Lendi ya zaka zitatu ya malo osungira aja inatha sabata yomwe Ampofo anafa. Boma siligula ngati munthu, kuti ukakonda wogulitsa n'kubwererako. Limaitana makampani apikisane, komiti n'kukhala pansi, ndipo ulendo uno inasankha kampani ina yotsika mtengo. Tsopano katundu yense anayenera kusamuka kuchoka ku yakale kupita ku yatsopano, ndipo chitseko cha yakaleyo chinkatseguka ndi kachitsulo ka Ampofo kokha. Iye mwini ndi amene anafuna choncho, chifukwa nkhalamba zija anazilonjeza kuti zinsinsi zawo sizidzagwidwa ndi dzanja lililonse.

"Kampaniyo yatipatsa masiku makumi asanu ndi anayi," anatero a Quaye. "Akakwana, afufuta zonse. Zili mumgwirizano."

"Ndiye lipiraninso mwezi umodzi," anatero a Oteng, amene moyo wawo wonse achita lendi mashopu ndipo amadziwa kunyengerera eni nyumba.

"Bambo, kuti tilipire kampani imene yagonja, pafunika komiti ikhalenso. Komiti imakhala kanayi pachaka. Yangokhala kumene."

"Nanga kupanga kiyi wina?"

"Kampani ikufuna kalata yosainidwa ndi mwini kiyi."

"Mwini kiyi ali mufiriji."

"Tawauza. Atumiza fomu."

Anthu anaseka pang'ono, kenako anakumbukira kuti avala zakuda. A Quaye anapukuta khosi n'kufunsa ngati pali amene anakaona kachitsuloko. Dzifa anali pamphasa pakona, pomwe amakhala wamasiye. Anadzutsa mutu n'kundiyang'ana ine. Anandiyang'ana pamaso pa banja langa lonse, ngati mphunzitsi amene akudikira mwana avomere.

Akanayang'ana pansi, mwina ndikanamasula mfundo. Koma anandiyang'ana.

"Achimwene," ndinatero, mokweza kuti a m'mbuyo amve, "ine sindinaphunzire, ndiye mundithandize. Mankhwala a makolo athu ali m'menemo, azungu angawagule ndalama zingati?"

"Zambiri, mayi," anayankha a Quaye.

"Aha. Ndipo ndani amagona ndi munthu, amadzuka naye, amagwira naye ntchito, n'kufunsa za kachitsulo mtembo usanazizire? Ine ndangofunsa. Sindinatchule dzina."

Ndinaona a Quaye akulemba. Ndinamva kukoma, sindibisa. Kunali kukoma kwa tsabola, kumene umadziwa kuti udzalira pambuyo koma ukupitiriza kunyambita.

4

Ampofo anakhala mufiriji milungu isanu. Maliro a dokotala sathamangiridwa. Tinapenta nyumba, tinasoketsa nsalu yofanana ya banja lonse, tinakangana za oimba ng'oma mpaka msuweni wanga wina anachoka osatsanzika. Milungu isanu yonseyo kachitsulo kanali ndi ine. Dzifa ankabwera Loweruka lililonse ndi mdzukulu wanga, kamtsikana ka zaka zisanu ndi zinayi kamene anakatcha dzina langa, Fosuaa. Ankasesa, ankatunga madzi, ankandiphikira. Kamodzi kokha anati, "Amayi, ngati mwakumbukira china chilichonse cha tsiku lija kuchipatala, mundiuze. Ndi ntchito yake yonse."

"Ntchito yake ndine ndinaibereka?" ndinamuyankha. "Ndinabereka munthu."

Ine m'mutu mwanga ntchito ya boma ndi mapepala ndi manambala. Ndinati akafufuta alembanso, amalipidwa za chiyani.

Dzulo la maliro, amayi a banja lathu tinamusambitsa ndi kumuveka. Mkazi wa malemu salowa m'chipinda chimenecho. Abale a Dzifa anabweretsa zosambitsira monga mwambo ufunira, sopo, chinkhupule, mafuta onunkhira, nsalu, ndipo ine ndinazinyamula chimodzichimodzi pamaso pa anthu n'kufunsa ngati ku Ho sopo amamudula ndi lumo. Anthu anaseka mpaka misozi. Mayi ake a Dzifa anatuluka panja.

M'mawa mwake, asanatseke bokosi, tinamupatsa za paulendo. Aliyense amadziwa kuti wakufa sapita chimanjamanja. Timamumangira tindalama pakona ya nsalu, timamuikira kampango kopukutira thukuta, ndi zinthu zimene sankasiyana nazo ali moyo, chifukwa akazisowa kumene akupitako amabwerera kudzazifuna. Magalasi ake ndinamuikira ndekha. Ine ndinali womaliza kumugwira.

Manda ake ndinakana kuti akhale a dothi ngati a mlimi wamba. Mkazi mnzanga, amene tinakwatiwa naye kwa bambo ake a Ampofo, anaika mwana wake m'manda a simenti, ndiye ine ndinati a wanga akhale a simenti yochindikala kawiri, zitsulo m'kati, matailosi oyera pamwamba. Amisiri anagwira masiku anayi. Anthu ankachoka kumidzi ina kudzaona.

5

Pambuyo pa maliro zinthu zinayenda zokha, ine osakankhanso. Kuntchito anamuimitsa Dzifa kuti afufuzidwe. Apolisi anapita kunyumba kwawo ku Kumasi, anang'amba matiresi, anatsanula mpunga pansi, mwana akuona. Nkhani itandifika ndinali kumsika, ndipo ndinauza amayi ogulitsa nsomba kuti munthu wosalakwa saopa kusechedwa. Koma nsomba imene ndinagula tsiku limenelo inaola mumphika, sindinaidye.

A Quaye ankaimbira a Oteng foni sabata iliyonse. Atsala masiku makumi atatu. Atsala khumi ndi awiri. Kalata yapita kwa mkulu wa unduna, mkuluyo ali kumsonkhano kunja. Fomu yabwezedwa, chidindo chinadindidwa malo olakwika.

Atatsala masiku awiri, Dzifa anafika yekha masana, atawonda mpaka mafupa a pakhosi kuonekera pamwamba pa nsalu yakuda. Anavula nsapato pachipata. Anayenda pamchenga wotentha wopanda nsapato, n'kugwada pakhonde langa, monga momwe ndinafunira tsiku loyamba.

"Amayi, sindinabwere kudzakangana. Ndapeza kanthu mufoni. Ampofo ananditumizira kalekale, tisanakwatirane, kuti ndiseke. Ndikufuna mumve zomwe zili kumalo osungira kuja."

"Manambala ndimva bwanji ine?"

Anadina foni n'kuiika pamphasa.

Munatuluka mawu a mayi anga.

Mayi anga, Afrakoma, anamwalira zaka khumi ndi zinayi zapitazo. Ndilibe chithunzi chawo, ankakana kujambulidwa. Nkhope yawo inayamba kale kundithawa. Koma apa anali pamphasa panga, ndi kupuma kwawo kwa phuma, ndi mluzu uja unkatuluka pomwe panalibe dzino, akunena kuti, "Ukafika pamtsinje usatenge wa kumtunda, mdzukulu wanga, wa kumtunda ndi wabodza." Zotsatira sindinazimve.

"Anali kuwajambula mawu," anatero Dzifa. "Nkhalamba mazana anayi ndi kuposa. Ambiri anafa. Agogo a Afrakoma ndi amene anayamba nawo, anawajambula masiku ambirimbiri, mankhwala, nyimbo, mayina a makolo anu onse. Mawu ake iyenso ali momwemo, akufunsa, akuseka. Ine ndatsala ndi kamphindi aka kokha."

"Bwanji sunanene?"

"Ndinati ndi ntchito yake yonse."

"Unati ntchito. Sunati amayi anga."

"Ndinkaganiza kuti mukudziwa zomwe mwana wanu ankachita."

Mawu amenewo anandilasa, chifukwa sindinkadziwa. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, sindinamufunsepo kamodzi kuti m'kachikwamako muli chiyani.

Ndinadzuka n'kulowa kuchipinda. Ndinatsegula sutikesi yanga ya nsalu, ndinakhala pabedi n'kumaiyang'ana. Ndinkamva Dzifa akupuma pakhonde, akudikira. Sindikudziwa ndinakhala nthawi yotalika bwanji. Nditatuluka anatambasula manja onse awiri.

"Ndilibe," ndinatero.

Dzifa anatola foni yake, anakavala nsapato pachipata, n'kupita.

M'mawa mwake ndinapita kwa a Oteng ndi mawu ali pakamwa. Ndinakhala pampando wawo kuyambira m'mawa mpaka mthunzi kutembenuka. Anandifunsa katatu chimene ndabwerera. Pomaliza ndinawayambitsa mkangano wa mbuzi yawo imene inadya chinangwa changa chaka chatha, tinatukwanizana, ndipo ndinabwerera kwathu.

6

Tsiku la makumi asanu ndi anayi linali Lachinayi. Kunacha bwinobwino. Ndinkayembekezera kuti mwina kugunda bingu, kapena mbalame zisiya kulira, koma anthu anapita kumunda, wogulitsa buledi anadutsa ndi belu lake. Lolemba a Quaye anaimba foni. A Oteng anabwera kudzandiuza ali chiimire pachipata.

"Akuti afufuta."

"Zonse?"

"Akuti atumiza kalata yotsimikiza, yokongola, ya chidindo. Ndipo komiti yavomereza kuti ulendo wina azigula makiyi awiri."

Dzifa sanamupeze ndi mlandu, panalibe umboni. Koma kuntchito anzake ankatseka madirowa iye akalowa. Anasiya yekha, n'kutenga Fosuaa wamng'ono kupita naye ku Ho. Ine ndinauza anthu kuti wathawa manyazi. Pakamwa panga pankayenda pokha, ngati njinga yopanda mabuleki.

Sabata yomweyo ndi pamene Ampofo anayamba kubwera. Ulendo woyamba ndinatembenuka ndi mpeni m'manja, poganiza kuti ndi a Oteng. Panalibe munthu, koma chitseko chinali chikugwedera. Ndinasamutsa mpando kuuika kuseri kwa nyumba, ananditsatira. Ndinapita kutchalitchi, abusa anandipempherera n'kunditsira mafuta pamutu. Ndinapita kwa mayi wina wa mizimu kuseri kwa Konongo, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mayi, wakufayu sakusowa kanthu. Mukusowa ndinu." Ndinamutukwana n'kutenga nkhuku imene ndinamutengera kubwerera nayo.

Choipa china n'chakuti mawu a mayi anga, amene ndinawamva kamodzi kaja pamphasa, anayambanso kundithawa. Ndinkayesa kuwabwereza ndikusinja, koma ankatuluka ndi mawu anga.

7

Chaka chitakwana, Dzifa anabwera kudzavula zakuda, chifukwa mwambo umenewo umachitikira kwa abale a mwamuna. Ndinkaganiza kuti sabwera. Anafika ndi mayi ake ndi Fosuaa wamng'ono, amene anatalika n'kuyamba kuyenda ngati bambo ake, phewa limodzi kutsogolo. Mwanayo anandipatsa moni ngati mlendo.

Mwambo utatha, Dzifa atavala zoyera, anandipempha kuti ndimuperekeze kumanda. Tinapita awiri. Dzuwa linali pamutu, matailosi akuthobwa m'maso.

"Amayi, ndili ndi pempho limodzi, ndipo sindidzakuvutitsaninso."

"Nena."

"Namwino uja anandiuza tsiku lomwelo kuti chingwe anachiika m'jumbo ndi manja ake."

Ndinakhala pamphepete pa manda a munthu wina.

"Unkadziwa."

"Kuyambira pabenchi paja."

"Apolisi akung'amba matiresi ako, unkadziwa?"

"Eya."

"Ndiye unali chitsiru chanji osanena?"

"Ndikananena, akanabwera kudzang'amba matiresi anu. Mayi wa Ampofo, atavala zakuda, kukwezedwa galimoto ya apolisi pamaso pa mudzi wonse. Iye akanandikhululukira zimenezo? Ndinkati mupereka nokha. Tsiku lililonse ndinkati mawa apereka." Anapukuta tailosi limodzi ndi chikhatho. "Zinapita, Amayi. Kachitsuloko tsopano sikatsegula kalikonse. Koma Fosuaa amakafunsa. Ankakaseweretsa akakhala pamiyendo ya bambo ake. Akufuna kumakavala. Mupatseni iyeyo, osati ine."

Apa ndi pamene ndinanena chimene sindinauzepo munthu, ngakhale abusa.

"Wagwira pomwepo."

"Amayi?"

"Kali pansi pa dzanja lakolo. Ndinamuveka m'khosi asanatseke bokosi, m'kati mwa malaya."

Dzifa anachotsa dzanja pa tailosi pang'onopang'ono.

Ndinamuuza zonse. Kuti m'mawa wa maliro ndinaima pamutu pa mwana wanga ndi mfundo m'manja, ndipo ndinaona khosi lake lili lopanda kanthu, ngati la munthu wina. Chinthu chimene sankasiyana nacho ngakhale kubafa, ndimulole apite osachitenga, adzabwerere kudzachifuna? Zimenezo ndi zoona, ndipo mayi aliyense wa kwathu akanaganiza chimodzimodzi. Koma china ndi choonanso. Nditamva Dzifa akulira panja, kulira kwenikweni tsopano, ndinati mumtima, lira, koma ichi sudzachigwira. Ndinamanga chingwe ndi mfundo ziwiri.

Ndinamuuza kuti tsiku lija anagwada pakhonde, ndinatsegula sutikesi ndikudziwa kuti mulibe, kungoti ndinalibe kwina koyang'ana. Kuti kwa a Oteng ndinapita kukafunsa ngati munthu angafukulidwe m'masiku awiri. Ndinkadziwa yankho. Pafunika chilolezo cha khoti, nkhosa ya kwa mfumu, banja lonse livomere, ndipo ine ndiime pakati pa bwalo ndinene chifukwa chake. Kenako amisiri aswe simenti yochindikala kawiri imene ndinaumiriza ndekha, ndione mwana wanga mmene analili patatha milungu isanu ndi iwiri pansi. Mwina zikanatheka. Sindidzadziwa, chifukwa ndinasankha kukangana za mbuzi.

Ndinadikira kuti andimenye. Ndikanakonda. Kutukwanidwa ndimakudziwa, ndikanamubwezera, tikanatha bwino.

"Ndiye ali nako," anatero.

"Ali nako. Koma akubwerabe. Masana alionse."

"Amati chiyani?"

"Amangokonza pakhosi."

Dzifa anayang'ana dzina la mwamuna wake pamwala. "Kwa ine sabwera," anatero. Sindinadziwe ngati akudandaula kapena akundiuza kuti iye alibe naye mlandu.

Asanakwere minibasi anatenga foni yanga, n'kuikamo kamphindi kaja. Anandisonyeza podina. Fosuaa wamng'ono anafunsa ngati agogo akapeza kachitsulo ka adadi, mayi ake anati, "Adadi anapita nako." Mwanayo anagwedeza mutu ngati ndi zoyenera. Sanabwerenso ku Juaso chichokereni.

8

Ndinatha masiku anayi ndisanadine. Nditadina, ndinamvetsera mpaka kumapeto, ndipo ndinamva chifukwa chimene Ampofo anatumizira chibwenzi chake kuti chiseke.

Mayi anga akunena za mtengo wa pamtsinje, wochiza mwana akamakomoka ndi malungo. Ndi matenda omwe anatenga awiri mwa ana anga. Akuti usatenge wa kumtunda, tenga wa kumunsi, dzina lake ndi, ndipo pomwepo pakulowa mawu a mkazi wina kuchokera kukhitchini, okuwa, akuthwa ngati chikwanje, akukalipa kuti ndani wasiya chitseko chotsegula kuti mbuzi zilowe, nyumba ino anthu ake ndi aulesi, wina akungocheza ndi nkhalamba m'malo mothyola nkhuni. Mawuwo akuphimba dzina la mtengo lonse. Ndabwereza kosawerengeka, foni ndaikanikiza kukhutu mpaka kupweteka. Silimveka.

Mkaziyo ndine.

Kenako mayi anga akuseka ndi mluzu wawo uja. Ampofo akukonza pakhosi kawiri, n'kufunsa mofatsa, "Amayi, mwamaliza?" Pomwepo kamphindiko kakutha.

Inu amene mukuwerenga, makamaka apongozi anzanga amene muli ndi kanthu pamfundo ya nsalu kamene mukudikira kuti wina akagwadire, sindikuphunzitsani, ndilibe nkhope yophunzitsira munthu. Mudzanena kuti boma nalo linalakwa, kugula kiyi mmodzi, komiti kugona, ndipo n'zoona, ine ndinawatukwana a Quaye mpaka anasiya kuyankha foni. Koma komiti sinamange mfundo ziwiri. Nkhalamba mazana anayi zinalankhula kwa mwana wanga zikukhulupirira kuti mawu awo atsala, ndipo ndinaziika m'manda kachiwiri chifukwa mtsikana wa ku Ho anandiyang'ana m'maso. Pa onsewo, mawu amene anapulumuka bwinobwino ndi anga, ndikukalipira mbuzi.

Nkhani iyi ikatuluka, a Oteng aimva, amayi a kumsika aimva, ndipo dzina la Dzifa liyera pomwe ndinalidetsa. N'chifukwa chake ndati mayina asasinthidwe. Mwina wina ku Ho adzawerengera mdzukulu wanga.

Dzuwa latsala pang'ono kufika pamutu. Ndauza wolembayu anyamuke, chifukwa mlendo wanga sakonda anthu. Lero akakonza pakhosi sinditembenuka ndi mpeni. Ndiika chinangwa pansi, ndipo ndimuyankha kuti eya, mwanawe, ndamaliza.